Khoma la aYoweli

Trywell anali atafafaniza kale “ba be bi” pakhoma la nyumba pamene mayi ake, aTinenenji, anamugwira dzanja la burashi.

“Ukuchita chiyani?”

“Ndikupaka laimu, amayi. Tameta dzulo, maliro atha. Nyumba iyere.”

Khoma limenelo, loyang'ana njira ya ku Zemba, malemu aYoweli, atate ake a Trywell, analidzaza ndi zilembo za Chinyanja. Bambowa anaphunzitsa giredi wani mpaka imvi, silabasi ikuwasinthira m'manja. Akuti yambani ndi Chingerezi, iwo ulendo ku wekishopu. Akuti ayi, chinenero cha kumudzi, iwo ku wekishopu. Asanapume n'komwe, Chingerezi chija chabweranso. Tsiku limene anauzidwa kuti achotse matchati akale m'kalasi sanakangane ndi munthu. Anangopalasa njinga kukagula penti pa boma, n'kudzalemba zonse pakhoma la nyumba yawo, pomwe insipekitala alibe mawu.

“Zimenezi zinatha,” anatero Trywell, amenenso ndi mphunzitsi ku Chipata. “Inenso ndatopa nazo, amayi. Mabuku atsopano sanafike, akale atiletsa. Atate analimbana ndi mphepo mpaka kufa. Mukufuna anthu azinena kuti pano panali wamisala?”

“Wamisala ndi amene amagwetsa nkhokwe chaka ndi chaka chimanga chili momwemo,” anayankha aTinenenji. “Silabasi yakoyo izithera pa geti la sukulu. Pano ndi panga.”

Trywell anaseka mowawidwa mtima. “Nanga kulemba m'munsi chonchi? Amati ziziwerenga nkhuku?”

“Gwada.”

“Amayi?”

“Ndati gwada uone.”

Anagwada monyinyirika, thalauza lakuda n'kudetsedwa ndi fumbi. Zilembo zija zinamuyang'ana m'maso. Penti inali itaperepeseka pakati pa chilembo chilichonse, pomwe tizala ta ana odutsa m'njiramo tinkatsata mzere. Anakumbukira maondo otupa a atate ake, aja ankakanika kukwera nawo minibasi.

“Ankagwada pomwepo,” anatero mayi ake. “Podzuka ndinkachita kuwakoka ine.”

ATinenenji anapita pa phulusa la moto wa maliro, natola khala, namuikira m'manja. Trywell anakankhira chitini cha laimu pambali. Anakweza dzanja monga amachitira pa bolodi, kuti alembenso “ba be bi” uja.

“Tsitsa,” anatero mayi ake. “A giredi wani ndi aafupi.”