Tiranzisita Yofufutidwa Nambala

Mayi wina wachikulire anafika m'mawa atakumbatira makina a tepi, aja a mawilo awiri amene masiku ano sungawapeze ngakhale kudzala. Anawakhazika patebulo langa pakati pa mawailesi akufa.

"Bambo, muli mawu a mwana wanga umu. Anatisiya ali ndi zaka zisanu. Ndayamba kuiwala mmene ankayankhulira."

Nditatsegula, fumbi ndi timazira ta mphemvu mbwee. Vuto ndinalipeza msanga: tiranzisita yoyendetsa mota inali itapsa. Ndi kachinthu ka miyendo itatu, ka mtundu umene anasiya kupanga kalekale. Ukawerenga nambala yake umapeza kena kolowa m'malo. Koma pamsana pake panali popalidwa ndi tupa, mbee!

"Ndani mfiti anachita izi?" ndinakalipa. Amisiri ena ndi oipa mtima. Amafufuta nambala kuti mnzawo asadzakonze, mwini katundu azibwerera kwa iwo basi.

Kenako ndinaona kamtanda ka penti yofiira mkati mwa chivundikiro. Chizindikiro changa, cha masiku amene ndinali ndi tsitsi komanso matama. Wofufuta nambalayo ndinali ine ndemwe. Nambala ija ndinkati ndidzaisunga m'mutu. Mutu wake uti?

Ndikanawauza zoona, koma manyazi anandigwira pakamwa. Ndinavundula chitini cha zakale, n'kusankha yofanana maonekedwe, n'kuwotcherera. Tepi ina yoyesera ndinalibe, ndipo mayi anali atasendera kale pafupi, manja ali pachifuwa.

Mawilo anazungulira. Panamveka phokoso ngati la mvula, kenako kamawu.

"Amama, yayamba? Ndiyimbe tsopano?"

Pompo mota inalusa. Mawu anasanduka kulira kwa mbewa, tepi inakokeka, n'kupiringizika, n'kuduka. Pamene ndimazula waya, inali itatafunika yonse.

Mayi sanalire. Anatola zidutswa chimodzichimodzi n'kuzimanga m'kampango.

"Pepani amayi," ndinatero, "makina akalewa…"

"Musadandaule bambo, mwayesetsa. Amisiri atatu anakana, ati nambala palibe. Ine ndinangokumbuka zimene munandiuza chaka chija, kuti makinawa palibe wina angawakonze koma inu."

Anandithokoza, n'kutuluka. Makina anawasiya pomwepo, ndipo ndimaopa kuwasuntha.

Mpaka lero, wailesi iliyonse ndikaiyatsa, isanagwire siteshoni, m'phokoso muja ndimamva kamwana kakufunsa ngati kayimbe tsopano. Sindinakayankhebe.