Kadontho Koyera m'Diso la Miracle

Mwana wanga Miracle anayamba ndi kugunda zitseko. Ankayenda bwinobwino, kenako phewa lakumanzere n'kuwomba felemu, iye n'kuima kuchiyang'ana chitsekocho ngati chamuputa dala. Anali atangokwanitsa zaka ziwiri. Ine ndinkati ndi phuma la bambo ake, pakuti a Dyson Chirwa nawonso ndi munthu woti akalowa m'nyumba ziwiya zimadziwa.

Ine ndine Phillis, kwathu ndi ku Thyolo. Boma linanditumiza kudzaphunzitsa pa pulayimale ina kufupi ndi Bandawe, ndipo m'malo mophunzitsa n'kubwerera kwathu monga anachitira anzanga anzeru, ndinakwatiwa komweko. A Dyson anapita ku Joni ine ndili woyembekezera, monga amachitira amuna ambiri akuno, ndiye mwana wawo ankamudziwira pa zithunzi. Mwezi ukatha ndinkamuveka Miracle diresi, kumudzoza mafuta mpaka kunyezimira, n'kupita naye ku situdiyo ya Zacharia pa Chintheche. Chithunzi chimodzi ndinkapatsira anyamata a magalimoto a katundu wa ku Joni, china ndinkasunga mu envulopu.

Loweruka lina ndikumupesa pafupi ndi windo, anatembenuka kuti andikalipire, ndipo ndinaona mkati mwa diso lakumanzere mukuyera ngati diso la nsomba yophika. Atatembenukanso, kuyerako kunasowa. Ndinamugwira chibwano n'kumapendeketsa mutu uku ndi uku mpaka analira. Kunabweranso.

Kuchipatala tinapeza dokotala wachinyamata dzina lake Griffin, wa ku Kasungu, munthu wanthabwala. Anamuseka Miracle chifukwa cha nsapato zovala mosemphanitsa, anatseka makatani, n'kumuunika m'diso ndi katochi. Anaunika lakumanja, anabwerera kulakumanzere, anakhalitsa pamenepo. Nthabwala zinatha.

"Ndi ng'ala, adokotala?" ndinafunsa.

"Ndikanakonda ikanakhala ng'ala, mayi. Ndikuopa kuti ndi chotupa cha mkati mwa diso. Khansa. Imagwira ana aang'ono ngati uyu, ndipo ndi yosowa. Ine ndinaionapo kamodzi kokha, ndili kusukulu."

Ndinagwedeza mutu ngati akundiuza tsiku la sikelo. Anati chofunika n'kudziwa kuti chinayamba liti, ndipo anafunsa ngati ndili ndi zithunzi zojambulidwa ndi fulashi, chifukwa kuwala kwa kamera kumachigwira chotupacho maso a munthu asanachione. Apa ndiye ndinadziona wamwayi. Ndi mwana uti ku Bandawe konse anajambulidwa kuposa wanga?

M'mawa mwake ndinabwera ndi envulopu yonse. Griffin anayala zithunzizo patebulo, kuyambira cha ubatizo mpaka cha mwezi wathawo, n'kumaziyang'ana chimodzichimodzi pafupi ndi mphuno. Maso onse anali akuda bii, okongola.

"Zikuoneka kuti changoyamba kumene," anatero, akupumira m'mwamba. "Komabe musachedwe. Ndikulemberani kalata mupite kwa madokotala a maso ku Blantyre. Ndikuuzirenitu, mwina adzachotsa disolo kuti mwana akhale ndi moyo."

Mawu awiriwo, akuti changoyamba kumene ndi akuti kuchotsa diso, ndinapita nawo kwa apongozi anga, a Nyamhone. Ndinawapeza kudambo akuvuula chinangwa chomwe anaviika. Anamvetsera manja ali m'madzi, ndipo nditamaliza anasankhapo mawu amene anawakomera.

"Ndiye mwati changoyamba, mkamwana. Chinthu chongoyamba sichithamangitsa munthu cha. Diso la mwana wa kwa Chirwa lingachoke bambo wake kulibe? Adzabwera, adzaona yekha. Chiuta alipo."

Kwathu ku Thyolo mwana ndi wa mayi ndi malume ake, ndikanangotumiza uthenga kwa achimwene n'kukwera basi. Koma kuno anandilowola, ndipo mwana ndi wa kuchimuna. Ndinaimbira a Dyson. Anati zithunzi ali nazo pakhoma, akuziona pomwepo, mwana alibe vuto lililonse. Anati madokotala achinyamata amakonda mpeni. Anati tidikire Khirisimasi adzabwere, ndipo apa n'kuti tili mu Seputembala.

Ndinadikira. Ndinkapita kusukulu, kulemba pabolodi, kuchonga makope. Apongozi ankabwera ndi azimayi a Umanyano, Mvano wa kuno, kudzapemphera, ndipo ine ndinkawaphikira tiyi. Sindinganene kuti ndinkada nkhawa. Mumtima munangoti zii, ngati mwendo umene waukhalira nthawi yaitali.

Kutentha kwa Okutobala kutafika, disolo linayamba kufiira, ndipo kuyera kuja sikunkabisalanso. Ndinaganiza kuti popeza a Dyson amakhulupirira zithunzi kuposa mkazi wawo, ndiwatumizire chithunzi. Ndinamubereka Miracle wosadzoza mafuta, wa diresi lapakhomo, ulendo kwa Zacharia.

Zacharia ndi munthu wonyadira ntchito yake. Ndiye anali woyamba pa Chintheche kukhala ndi kompyuta mu situdiyo, ndipo ankatha kukuimika patsogolo pa nyumba yosanja ya ku Ulaya iwe utavala patapata. Anamukhazika Miracle pampando, fulashi inang'anima, n'kulumikiza kamera ku kompyuta. Masiku onse ndinkapita kumsika n'kudzatenga zithunzi pobwerera. Tsiku limenelo ndinaima kumbuyo kwake.

Nkhope ya mwana wanga inadzaza galasi lonse, diso lakumanzere lili mbee. Zacharia anasuntha dzanja, anadina kawiri, ndipo disolo linada bwinobwino.

"Mwatani pamenepo?" ndinafunsa.

"Ndakonza, madamu. Ndi fulashi imeneyi, imasewera ndi maso a ana. Ena amatuluka ofiira, wanuyu amatuluka oyera. Musadandaule cha, ndimakukonzerani nthawi zonse. Chithunzi chopita ku Joni chingapite ndi diso ngati la mphaka? Ada Chirwa angati Zacharia sadziwa ntchito."

"Nthawi zonse kuyambira liti?"

"Aa, kalekale. Onani nokha, ine sinditaya kanthu."

Anatsegula zakale, zosakonza, n'kumazidutsitsa akumwetulira, kudikira kuti ndimuyamikire. Miracle wa diresi lachikasu, diso loyera. Miracle ataima chogwira mpando, diso loyera. Miracle wakhanda, pamiyendo panga tsiku la ubatizo titachokera kutchalitchi cha Bandawe, kadontho kakang'ono koyera kali pomwepo. Ndinamuuza kuti abwerere ku zaposachedwa ndipo akulitse diso lakumanja. Mu zithunzi zomaliza namonso munali kuwala kotuwa, kochepa, chakumbali.

"Ilinso ndimalikonza pang'ono," anatero Zacharia, koma mawu anali atayamba kumuthawa. Anandiyang'ana kumaso, anachotsa dzanja pa kompyuta. "Madamu, kodi pali chinthu?"

Sindinamukalipire. Ndikanamukalipira chiyani munthu amene ankandikometsera mwana? Ndinamupempha kuti asindikize zosakonzazo, ndipo anasindikiza. Ndinati yewu, monga amathokozera kuno, n'kutuluka.

Sindinaimbirenso a Dyson, sindinapemphenso aliyense. Ndinauza ahedi kuti ndachoka, ndinalongedza zovala, m'mawa mwake ndinali pamsewu kudikira basi. Apongozi ananditsatira atasenza kathumba ka ufa wa kondowole ndi usipa. Ndinawapatsa chithunzi cha ubatizo chosakonzacho. Anachiyang'ana nthawi yaitali, chifukwa iwonso analimo, ataima kumbuyo kwanga ndi duku latsopano. Basi itafika anakweza okha kathumbako.

"Mwende umampha, mkamwana," anatero, kundifunira ulendo wabwino. Za kudikira sanatchulenso.

Ku Blantyre anamugoneka tulo Miracle kuti aone bwino mkati mwa maso. Dokotala wake anali mayi waimvi, a Edith, wolankhula pang'onopang'ono ngati akuwerengera kalasi ya ana aang'ono. Anaona zithunzi za Zacharia, anafunsa msinkhu wa mwana pa chilichonse, ndipo sananene kuti mukanabwera kale. Anati lakumanzere linafa kalekale, lichoke msanga chotupa chisanatsate mtsempha kupita ku ubongo. Lakumanja anati alimenyera nkhondo ndi mankhwala.

Analichotsa. Pamalopo anamata bandeji, kenako anadzaikapo diso lagalasi limene silinkafanana kwenikweni ndi linzake. Mankhwala anali a mudiripi, ndipo akalowa Miracle ankasanza mpaka kutsala ndulu yokha. Tsitsi linathothoka. Mitsempha ya m'manja inabisala, anamwino ankaifunafuna kumapazi ine nditamupana ndi mawondo. Ndinaphunzira kugona pansi pa bedi lake ndi kuchapa m'bandakucha mipopi isanadzaze. Azimayi anzanga a muwodimo ankalira, ena ankaimba nyimbo za kutchalitchi. Ine ndinkangochita zimene ndauzidwa. Khirisimasi inatipeza momwemo. A Dyson anaimba foni kunena kuti mapepala awo sali bwino, akatuluka sadzaloledwa kubwerera, ndipo analira. Ndinawamvetsera mpaka mayunitsi anawathera.

Mvula ili pafupi kutha anamugonekanso tulo kuti aone ngati mankhwala agwira. Madzulo ake a Edith anandiitanira mu kachipinda kawo, n'kukokera mpando pafupi ndi wanga.

"Mayi a Miracle, chotupa chija sichinachepe. Chakula, ndipo chayandikira mtsempha. Tayesa zonse zimene tili nazo kuno. Tikalisiya disoli, aziona miyezi yochepa, kenako timutaya mwanayo. Tikalichotsa, ali ndi mwayi wokula."

"Wakhungu."

"Inde, wakhungu. Koma wamoyo. Mukufuna muyambe mwalankhula ndi bambo ake?"

"Ayi. Mulichotsa liti?"

Anati Lachinayi m'mawa. Ndinasaina pamene anandilozera. Dzanja linalemba bwinobwino ngati ndikusaina lipoti la mwana wa sukulu.

Lachitatu masana ndinapempha anamwino kuti nditulukeko naye. Ndinamuveka chipewa, n'kumunyamula mpaka kugeti la chipatala, pamene amagulitsa nthochi ndi mandasi. Ndinakhala pa kakhoma, iye pamiyendo panga. Ankapendeketsa mutu kuti aone ndi mbali ya diso imene inatsala.

"Amama, icho n'chiyani?"

"Minibasi."

"Icho?"

"Minibasi inanso. Yoyera."

"Icho?"

"Njinga. Uyo ndi wapolisi. Awo ndi maambulera."

Ankaseka makondakitala akamalendewera pazitseko n'kumakuwa Limbe, Limbe. Dzuwa litapendeka ndinamutembenuza kuti ayang'ane ine. Ndinachotsa duku, ndinayandikitsa nkhope yanga, ndinamuuza kuti Mira, taona amama, uwaone bwinobwino. Ndinkafuna kuti nkhope imeneyi akhale nayo kumene akupitako.

Anandiyang'ana kamphindi, kenako anandikankha tsaya ndi kadzanja kake ka mabala a singano.

"Chokani, amama, mukunditchinga."

Ndinamutembenuzira kumsewu. Tinaona maminibasi mpaka mlonda anabwera kudzatiuza kuti nthawi yakwana.