Dzina la Bambo pa Injini

"Iwe mnyamata, ukufuna kundibera batire?" anafunsa mayi wina atandipeza nditalowetsa mutu m'boneti ya galimoto yake yakuda.

Ndinatulutsa mutu msangamsanga. Linali tsiku la chionetsero cha magalimoto akale, ndipo kuyambira m'mawa ndinkangosuzumira boneti iliyonse yotsegula. Ku fakitale ya m'mudzi mwathu, kumene amapanga injini za magalimoto aliwiro, munthu mmodzi amamanga injini yonse yekha, akamaliza amamatapo kachitsulo kokhala ndi siginecha yake. Bambo anga anagwira ntchitoyo mpaka manja awo atayamba kunjenjemera. Kuyambira pamenepo ankangokhala pazenera, khutu lili kumsewu. Ndinkalakalaka nditawaonanso ataima pafupi ndi injini yawo, ngakhale kamodzi.

Pa kachitsulo ka injini iyi panali zilembo zopendekeka zomwe ndinkazidziwa bwino: Ottmar Schäufele.

"Awa... ndi bambo anga," ndinatero ndikuloza.

Mayiyo anavala magalasi n'kuwerama. Anali Mayi Rieger, ogulitsa buledi m'tauni ya Marbach.

"Ooh! Ndiye bambo akowo ndi amene anandidanitsa ndi aneba? Ndikangoliza m'mawa, agalu onse amadzuka. Ali kuti?"

"Kunyumba. Satulukanso." Kenako ndinapempha: "Mayi, mungapite nayo kuti akaimve?"

"Nanga ukuchedweranji? Kwera. Koma uyambe wapukuta nsapatozo."

Titangokhotera mumsewu wathu, ndinaona katani ikugwedezeka. Bambo anatuluka ndi masilipasi, amayi akuwathamangira ndi jekete.

"Masilinda asanu ndi atatu," anatero bambo atapendeketsa mutu kumvetsera, kenako anatembenukira kwa Mayi Rieger. "Mayi, oilo mumasintha pa nthawi yake?"

"Ifunseni nokha, bambo. Mwana ndi wanu."

"Musazimitse. Valentin, tsegula," anatero bambo akundiyang'ana.

Ndinatsegula boneti. Ndinkaganiza kuti ayamba kufunafuna dzina lawo, koma sanaliyang'ane n'komwe. Anatulutsa dzanja lamanja, lija ankalibisa m'thumba kukabwera alendo.

"Mupsa, Ottmar!" amayi anakuwa.

Analiika pa chivundikiro cha injini n'kutsinzina. Injini inkanjenjemera, dzanja linkanjenjemera, ndipo ngakhale ndinayang'anitsitsa, sindinathe kudziwa chimene chinkagwedeza chinzake.