Utsi wa Mbewa ndi Chifuwa cha Goodness

Chaka chimenecho mvula inatsazika mu Febuluwale, chimanga chitangoyamba kumasula. Anthu a m'midzi yozungulira Minga anayang'ana kumwamba mpaka makosi kuwawa, koma mitambo inkangodutsa. Pofika Epulo, mwezi umene mame amanyowetsa miyendo ya ana a sukulu, tchire linali litauma kale ngati mu Okutobala. Moto nawo sunadikire nyengo yake. M'mawa uliwonse utsi unkagona m'dambo ndi pakati pa nyumba, ndipo dzuwa linkatuluka lofiira.

Kunyumba kwa a Eustace ndi akazi awo a Anastazia, utsiwo unasankha munthu mmodzi. Mwana wawo Goodness, wa zaka zisanu ndi zitatu, anayamba kutsokomola. Poyamba chinali chifuwa wamba. Kenako m'chifuwa mwake munayamba kulira ngati kamwana ka mphaka, ndipo akathamanga pang'ono ankaima, manja ali m'mawondo.

A Eustace sanali munthu woipa. Anali munthu wa nkhokwe yopanda kanthu. Munda utawakana, iwo ndi mlamu wawo Bonaventure, mlongo wa a Anastazia, anatembenukira ku mbewa. Ankatentha udzu kuti mauna aoneke, n'kukumba, n'kuphika mbewazo ndi mchere, n'kukagulitsa kumsewu waukulu wa ku Lusaka. Madzulo ankabwera ndi kapamela, kathumba kakang'ono ka ufa. Zaka zina moto wotere unkazima wokha dzuwa likalowa, chifukwa tsinde la udzu linkakhala ndi chinyontho. Chaka chimenechi moto wa Lolemba unkapezeka ukuyendabe m'mapiri Lachinayi.

A Anastazia nawo sanakhale manja lende. Anachita zimene mayi aliyense wa m'mudzimo ankadziwa: chifuwa amachifukiza. Anatseka chitseko ndi mawindo kuti utsi wakunja usalowe, analowetsa mbaula m'nyumba, anaika masamba aawisi a bulugamu pamakala, n'kumufunditsa mwanayo bulangete kuti apume utsi wamankhwala. Goodness ankatuluka m'bulangetemo misozi ili mbwee, akutsokomola kwambiri.

"Waona? Chikuchoka," ankatero amai ake. "Limba mtima, mwana wanga."

Patapita masiku, a Eustace anaganiza zomutumiza mwanayo ku Nyimba kwa mlongo wawo Vivian, amene amagulitsa nthochi pamsika. Anaimba foni.

"Kuno? Achimwene, kuno ndiye kwanyanya," anayankha Vivian. "Mapili yonse yakupsa. Na nthochi zanga zikununkha utsi. Mwana musabwele naye, pitani naye kuchipatala."

"Chipatala cha chani pa chifuwa chabe? Anyina Goodness akumufukiza," anatero a Eustace, n'kudula foni.

M'mawa wina Goodness anakana phala. Anakhala pamphasa atawerama, mapewa akukwera ndi kutsika. Pakati pa nthiti pankalowa m'kati akamakoka mpweya.

"Amama... nili..." Mawu anathera pomwepo.

A Anastazia anagwidwa ndi mantha amene anali asanawamvepo. Anathamangira kuseri kwa nyumba kumene amuna awo ankanola khasu.

"Awisi Goodness, siyani ivo! Mwana akulephela kukamba!"

Anabwereka njinga yamoto, anamuika mwanayo pakati, ulendo wa kukiliniki ya m'deralo.

Amene anawalandira anali a Wamui, namwino wochokera kumadzulo kwa dziko, amene anatumizidwa kuno zaka zingapo zapitazo. Sanafunse zambiri. Anamvera m'chifuwa mwa mwanayo, natenga kampope ka mankhwala opopera m'kamwa. Anakalowetsa kumunsi kwa botolo lapulasitiki loboola, nauza Goodness kuti avumate kukamwa kwa botololo ndi kupuma pang'onopang'ono. Anapopera, nadikira, napoperanso. Makolo aja anaima chilili. Patapita nthawi mapewa a mwanayo anatsika, ndipo anapempha madzi.

Apo m'pamene a Wamui ananunkhiza bulangete limene anamufunditsa panjira.

"Mwana uyu ali na mphumu, ndipo utsi ndiwo wamuutsila matenda. Koma bulangete iyi ikununkha makala na bulugamu. Amai, mwenze kumuchita chani?"

"Nenze kumufukiza, a sisita. Kuti chifuwa chichoke."

"M'nyumba yotseka?"

"Ee. Nanga kunja kuli utsi wa anthu otentha tchile." Apa a Anastazia anacheukira amuna awo. "Ndipo ngati mufuna kudziwa otentha, musapite patali. Funsani awa. Machisi yali m'thumba."

A Eustace anagwira thumba lawo mosadziwa. Machisiwo analimodi.

"Ine nitentha kutali, kumunda," anatero mokweza mawu. "Wamene waika moto pamphuno pa mwana ni ndani? Ni ine?"

A Wamui anawalola akangane pang'ono, pakuti pa ntchito yawo anali ataona kuti anthu a mantha amayamba alozana zala. Kenako anati:

"Bambo, amai, chifuwa cha mwana sichifunsa kuti utsi uyu ni wa ndani. Wa mbewa, wa mbaula, wa bulugamu, wonse ukalowa utupitsa njila za mpweya. Amai, mwachita mwa chikondi, nidziwa. Koma utsi suchilitsa utsi. Ndipo mbaula m'nyumba yotseka ingaphe banja lonse, angakhale anthu alibe chifuwa."

A Anastazia anakhala pabenchi, nkhope ili m'manja. Zinawawawa kwambiri kumva kuti manja awo omwe ndi amene ankawonjeza matendawo.

"Manje nichite bwanji utsi ukabwela?" anafunsa motsitsa.

"Utsi ukachuluka kum'mawa, mwana akhale m'nyumba, chitseko chotseka, koma m'kati mulibe moto uliwonse. Muphikile panja, kumbali kwamene mphepo ichotsa utsi pa nyumba. Kunja kukayela, mutsegule mawindo. Posesa muyambe mwawaza madzi. Asathamange mu utsi, ndipo azimwa madzi pafupipafupi. Akayamba kulila m'chifuwa, mum'patse mankhwala aya mwamene nikuonetseleni. Koma mukaona nthiti zilowa m'kati, olo akulephela kukamba na kumwa, olo mankhwala siyakuthandiza, musayembekeze mawa. Bwelani nthawi yamene iyo."

Anawaphunzitsa kugwira botolo lija mpaka a Anastazia anachita okha osalakwitsa. Kenako anatembenukira kwa a Eustace. Iwo anayamba kuyankha asanafunsidwe.

"Nidziwa vamene mufuna kukamba. Koma a sisita, imwe kumapeto kwa mwezi mulandila. Ise tikaleka mbewa, tizadya chani?"

"Sininakambe kuti muleke mbewa," anatero a Wamui. "Ine mbewa sinidya, kwathu ni kwa nsomba, ndiye vosaka sinividziwa. Niuzeni imwe. Mbewa sigwidwa popanda moto?"

A Eustace anakanda kumutu. "Igwidwa. Ungalondole njila zake mu udzu, n'kukumba. Ungatche maliwa, mwala na kamtengo. Koma ni nchito yaikulu. Moto ufulumiza."

"Ufulumiza, ee," anatero a Wamui, akuyang'ana Goodness amene anali atagona pamiyendo ya amai ake. 

Kunyumba mbaula inatuluka panja tsiku lomwelo. Machisi anachoka m'thumba n'kupita kukhichini. Koma a Eustace anaona msanga kuti kuleka kwa munthu mmodzi sikuyeretsa kumwamba. Mawa lake Bonaventure anatulukira ndi khasu paphewa.

"Mlamu, tiyeni. Kuseli kwa dambo kwatsala udzu."

"Ine moto nasiya, mlamu. Tiyeni tikatche maliwa."

Bonaventure anaseka mpaka kukhala pansi. "Maliwa? Monga tuana twa sukulu? Mukaleka imwe, azatentha ena, mbewa n'kudya ena. Utsi uzabwela ndithu."

Mawuwo anali ndi choonadi chake, ndipo anawasowetsa mtendere a Eustace mpaka Lamlungu. Iwo sanali munthu woyankhula pagulu. Pamsonkhano wa mphakati, pamene akhristu a m'mudzimo amakumana pansi pa mtengo wa mango akachoka ku Misa, malo awo anali kumbuyo. Akazi awo anawagunyuza ndi chigongono.

"Kambani. Mbewa ya manyazi inafela kuuna."

Anaimirira, botolo lija lili m'manja.

"Abale, ili ni botolo la mwana wanga. Ndiye m'mene akupumila masiku yano. Ine na mlamu wanga uyu tatentha kwambili chaka chino, simufunika kuuzidwa. Zaka zonse moto wenze kuzima weka na mame. Lelo mame kulibe. Nipempha kuti tileke kutentha mpaka mvula ikagwe."

Panali phokoso. Wina anati njala sidikira mvula. Wina anati moto wambiri ukuchokera kwa otentha makala kumapiri, osati kuno. Koma kenako mayi wina ananena kuti khanda lake nalo likutsokomola. Mkulu wina anadandaula kuti moto wa sabata yatha unadya mapesi onse amene anasungira ng'ombe zake, ndipo sakudziwa kuti zidzafika bwanji mu Novembala. Zinaoneka kuti aliyense anali ndi chake chimene utsi kapena moto unamulanda, kungoti ankadandaulira m'nyumba.

Bonaventure anayang'anitsitsa botolo lija. Goodness anali mwana wa mlongo wake, ndipo iye ndiye anamupatsa dzinalo.

"Chabwino," anatero pomaliza. "Koma maliwa muniphunzitse, mlamu. N'naiwala."

Anagwirizana zinthu zochepa zimene akanazikwanitsa. Palibe kutentha tchire kapena mapesi mpaka mvula. Banja lililonse lilambule ndi khasu ndi chikwakwa mzere wotakata kuzungulira nyumba, madimba ndi malo odyetsera ng'ombe. Woona moto aimbe chitsulo cha patchalitchi, ndipo onse atuluke ndi nthambi zaziwisi. Anakadziwitsa a mfumu, amene anavomera ndi kutumiza mawu kumidzi yoyandikana nayo. Midzi ina inamva, ina inangoti tamva.

Tisaname, mbewa za maliwa zinali zochepa. Masiku ena a Eustace ankabwera ndi zisanu zokha, ndipo banjalo linkadya kamodzi patsiku, kudikira chimanga chathandizo. Utsi wa kumapiri nawo sunathe. Koma utsi wa pafupi, uja wolowa ndi m'mabulangete momwe, unachepa.

Mayeso anafika mu Julayi, tsiku lamphepo. Moto unachokera kumudzi wina umene unangoti tamva. Paja moto umapita kumene kwatsala tchire, ndipo tchire lotsala linali lawo. Chitsulo chinalira masana. Amuna ndi akazi anathamangira kumzere wolambula uja, ndipo motowo utafika pa dothi lopanda udzu unafooka, anthu n'kuumaliza ndi nthambi. Palibe nyumba kapena dimba limene linapsa.

Koma utsi unaphimba mudzi wonse. A Anastazia sanapite kumoto. Analowetsa Goodness m'nyumba, anatseka chitseko, natchinga mpata wa pansi pake ndi chitenje chonyowa. Posakhalitsa m'chifuwa mwa mwanayo munayamba kulira. Manja a mayiyo anadziwa chochita. Anamukhazika tsonga, anagwedeza kampope, anapopera m'botolo monga anaphunzitsidwira, maso ali pa nthiti za mwanayo. Njinga yamoto anali atapempheratu, ngati zikanafika poipa. Sizinafike. Pamene a Eustace ankalowa, nkhope ili bii ndi mwaye, anapeza mwana wawo akudya mbatata.

"Atate, musalowe na malaya ayo," anatero Goodness. "Yakununkha utsi."

A Eustace anabwerera panja, anavula malayawo, nasamba. Sanakwiye ngakhale pang'ono.

Pa tsiku lokaonedwanso kukiliniki, a Wamui anamvera m'chifuwa mwa Goodness nagwedeza mutu mokhutira. Anawauza kuti mphumu siithera pomwepo, ndipo mankhwala asamawasiye patali, koma mwanayo angathe kupita kusukulu ndi kusewera ngati anzake. Madzulo a tsiku lomwelo Goodness anakangana ndi mnzake pachitsime, kulimbirana malo pamzere, ndipo mawu ake anamveka mpaka kunyumba. Amai ake, amene sakonda mwana waphokoso, anaima pakhomo n'kumangomvetsera.

Chilala sitingachiletse, ndipo utsi wochokera kutali sitingaubweze. Koma moto wa pafupi umayatsidwa ndi manja athu. Mvula ikatha msanga, tisatenthe tchire potsata chizolowezi cha zaka zina. Tilambule mizere yotchinga moto, ndipo tigwirizane mudzi wonse. Mwana, mayi woyembekezera kapena wokalamba akayamba kutsokomola ndi utsi, tisamufukize, ndipo tisalowetse mbaula m'nyumba yotseka. Akamavutika kupuma, tipite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ndiwo tingapeze zina mawa, koma mpweya wa mwana sudikira.