Maekala Awiri Osathira Feteleza

Lorna anali akupukuta mbale yachisanu ndi chinayi pamene Royce analowa m'khitchini osavula nsapato. Mbalezo sizinali za pakhomopo. Zinabwera ndi azimayi a kutchalitchi, ina ya mbatata zophika ndi tchizi, ina ya nyama ya nkhumba, ina ya makeke a zipatso, ndipo iliyonse inali ndi kapepala ka dzina la mwini wake komatidwa kunsi. Bambo awo, a Delmar Kucera, anali ataikidwa m'manda dzulo lake. Tsopano panatsala ntchito yobweza mbale za eni.

"Feteleza akubwera Lolemba m'mawa," anatero Royce uku akudzithirira khofi. "Ndawauza athire munda wonse."

"Wonse?"

"Wonse. Kuyambira kumtsinje mpaka kumsewu."

Lorna anaika mbale ija pathebulo. "Achimwene, dothi silinaume n'komwe pamanda a abambo."

"Nanga chimanga chimadikira zimenezo? Epulo walowa uyu."

Onse awiri ankadziwa kuti nkhani sinali Epulo ayi. Nkhani inali kamunda ka maekala awiri ka m'mphepete mwa msewu. Zaka makumi anayi ndi chimodzi zapitazo mlangizi wa zaulimi wochokera ku yunivesite ya boma anabwera kudzapempha a Delmar kuti kamundako azidzalamo chimanga chaka ndi chaka, koma asamathiremo kanthu, kaya feteleza, kaya manyowa, kuti akatswiri azifanizira ndi munda wothiridwa n'kumaona mmene dothi limaguga. Sanasainirane pepala lililonse. Anangogwirana chanza pafupi ndi thirakitala, basi. Mlangiziyo anamwalira kalekale, koma a Delmar chanza chija sanachitaye.

Kunena zoona, kamundako kankachititsa manyazi. Chimanga chake chinkalekezera m'chiuno, masamba ali chikasu, n'kubereka tinthu tonga zala za mwana. Chikanakhala kuseri kwa chitunda bwenzi zili bwinoko, koma chinali poyera, pomwe aliyense wopita kutchalitchi kapena kokagulitsa mbewu ankachepetsa liwiro kuti aone bwino. Royce ali mwana anzake m'basi ya sukulu ankamutcha mwana wa munda wa njala. Lero anali ndi zaka makumi asanu ndi ziwiri, munda wonse wa banjalo unali pamapewa ake, koma akalowa m'sitolo ya alimi wina sankalephera kumufunsa ngati njala yacha.

"Abambo analonjeza," anatero Lorna.

"Analonjeza munthu wakufa, iwonso afa. Zatha zimenezo."

"Mukangothira kamodzi, zaka zonse zija zapita madzi. Mukudziwa inu."

"Zipite! Yunivesite yako ija boma linaipatsa malo aulere, maekala osawerengeka, kuti izithandiza mlimi. Lero mlimi ndiye aziipatsa malo? Akalime njala yawoyo pabwalo lawo la mpira." Anamwa khofi yense kamodzi n'kuika kapu m'madzi otsukira. "Zikomo, abwana a kuofesi."

Chitseko chitatsekeka, Lorna anayang'ana chikwama chake chomwe chinali pampando. Kuyambira tsiku limene anafika sankachisiya kutali, moti ngakhale kumanda anachikumbatira ngati muli mwana.

Kwa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi Lorna anali mlembi mu ofesi ya mkulu wa sukulu ya zaulimi pa yunivesite yomweyo. Mu Febuluwale komiti inakhala pansi n'kugamula kuti kafukufuku wakale wa m'minda ya alimi atsekedwe. Anati sakubweretsanso zatsopano, ndipo nzeru zonse zipite ku labotale yomwe ankamanga. Nkhani yake sinathe ngakhale mphindi khumi, chifukwa anthu ankathamangira chakudya cha masana. Lorna ndiye analemba makalata othokoza alimi khumi ndi asanu ndi awiri, mawu okongola ngati a paukwati. Mkulu uja anasaina osawerenga mayina. Lorna anatumiza makalata khumi ndi asanu ndi imodzi. Yotsalayo, ya bambo ake, anaiika m'chikwama, n'kudziuza kuti akaipereka pamanja pa Pasaka.

Pasaka sanafike. Lachiwiri la sabata yomweyi m'mawa a Delmar anatenga chitsulo chotapira dothi ndi ndowa, monga ankachitira chaka chilichonse asanadzale, n'kupita ku kamundako kukatapa dothi pa zikhomo khumi ndi ziwiri kuti alitumize ku yunivesite. Mphepo inali ya kumpoto, yolasa m'mafupa. Royce anawapeza masana atagona chammbali, mtima utaima.

Ndiye Lorna usiku ndi usana ankangodziuza chinthu chimodzi: abambo afera ntchito imene palibe ankaifuna, chifukwa cha kalata yomwe ili m'chikwama changa. Kamundako kakanapitirira, mwina imfayo ikanaoneka ngati ili ndi mutu. N'chifukwa chake ankaikira kumbuyo kamundako ndi mtima wonse, ngakhale kuti iye yemweyo ndiye analemba kalata yokapha.

Madzulo a tsiku lopukuta mbale lija Lorna anapeza mayi awo, a Verna, ali pathebulo lodyera akulemba makadi othokoza anthu amene anabwera pamaliro. Anali atandandika maenvelopu, masitampa ndi buku la mayina, magalasi ali pansonga ya mphuno.

"Amayi, munda uli m'dzina lanu tsopano. Muwaletse achimwene."

A Verna anamaliza kaye chiganizo chimene ankalemba. "Kamuitane."

Royce anabwera manja ali girizi yekhayekha, n'kuima pakhomo. Lorna anayamba kulongosola. Anati dothi longa limenelo silipezeka kwina kulikonse m'chigawo chonse, anati ophunzira analembapo mabuku, anati bambo awo anapirira kusekedwa moyo wawo wonse. Ankalankhula bwino kwambiri, ndipo iye mwini ankadzimva kuti akulankhula ngati wa kuofesi.

"Chabwino," anatero Royce. "Ine si chilombo ayi. Ngati yunivesite ikukafunadi kamundako, bwana wakoyo andiimbire yekha. Andiuze ndi pakamwa pake kuti akufuna, ndiye feteleza ndimulambalalitsa. Si umakhala pakhomo pa ofesi yake penipeni? Foni ndi iyo, muimbire."

"Lero ndi Loweruka."

"Akuluakulu sayankha foni Loweruka? Pamaliro sanabwere, angotumiza maluwa. Lolemba m'mawa ndiye, isanakwane seveni."

Lorna akanatha kunama mpaka Lolemba, koma Lolembalo likanafikabe. Anapita kukhitchini, anabwera ndi chikwama, n'kutulutsa envelopu yoyera yokhala ndi chidindo cha yunivesite, m'makona mwake mutapindika chifukwa choyendayenda.

Royce anaing'amba ndi chala chagirizi. Anawerenga pang'onopang'ono milomo ikugwedera, kenako anabwereranso pamwamba kukaona deti.

"Febuluwale," anatero motsitsa. "Pa thwelofu Febuluwale. Iwe Lorna, iwe!"

"Ndimafuna ndidzawapatse ndekha."

"Ndiye unawasiya apite kukagwada mumphepo ija, munthu wa zaka makumi asanu ndi atatu, kutapira dothi anthu oti akalitaya kudzala la zinyalala? Ine ndi amene ndinawanyamula, ukumva? Anali ozizira ngati chitsulo! Ndiye lero ukubwera muno kudzandiphunzitsa za lonjezo?"

Zonse zimene mchimwene wake ankanena Lorna anali atadziuza kale yekha, mwinanso moposa pamenepo.

"Royce, khala pansi," anatero a Verna.

"Amayi, mwamva zimene wachita mwana wanuyu?"

"Ndamva. Ndati khala pansi, usandiimirire ngati wokhometsa msonkho." Anavula magalasi n'kuwaika pa makadi. "Abambo anu ankadziwa."

Onse awiri anawayang'ana, ndipo a Verna anapitiriza.

"A Haugen a kutsidya kwa mtsinje analinso ndi kamunda kotere. Yawo kalata inafika, tsiku lomwelo anaimba foni kudzadandaula. Abambo anu anapita kubokosi la makalata masiku atatu, osapezamo kanthu. Tsiku lachinayi anabwera n'kukhala pampando uwo. Anati, 'Verna, kalata yathu ili ndi Lorna.' Ine ndinati ndimuimbire. Anandikaniza. Anati, 'Musiye mwanayo, yamulemera. Adzabwera nayo akadzapeza mphamvu.'"

Lorna anagwira m'mphepete mwa thebulo. Ankayembekeza kuti mawu otere amupepuza, koma ayi, anamulasa koposa mawu a Royce. Masabata asanu ndi awiri ankaimba foni Lamulungu lililonse n'kumacheza za chipale chofewa ndi za bondo la amayi, bambo ake ali kumbali inayo akuyankha mofatsa, akumudikira. Analira, ndipo a Verna sanamutonthoze. Anangomukankhira bokosi la timapepala topukutira.

"Nanga ngati ankadziwa, amakatani kumeneko?" anafunsa Royce.

"Inenso ndinawafunsa zomwezo, ndinachita kuwabisira chipewa. Anati chimanga cha chaka chatha chinalimidwa, ndiye dothi lake liyenera kuyezedwa, kaya wina awerenga kaya sawerenga. Anati akamaliza kutapa, Royce athire feteleza wake, wadikira mokwanira."

"Anatero?"

"Anatero."

"Ine sanandiuze."

"Akanakuuza Lachiwiri madzulo. Unawaonapo abambo ako akulankhula za ntchito asanaimalize?"

Royce anakhala pansi tsopano, popanda womuuza. Chinthu chimene anachimenyera zaka makumi atatu anali atapatsidwa kale, iye osadziwa, ndipo sichinamukomere m'pang'ono pomwe.

A Verna anavalanso magalasi n'kutenga cholembera. "Ndowa ili m'galaja. Ndinawerenga timatumba todzaza, tilipo tisanu ndi tinayi. Dzuwa likadalipo, ndipo Lolemba ndi mkuja."

M'galajamo anapeza ndowa ndi timatumba khumi ndi tiwiri, kalikonse kali ndi nambala ndi chaka m'zilembo zazikulu za a Delmar. Chitsulo chotapira chinali pansi pomwe Royce anachiponya tsiku lija, ndipo mkati mwake munali mukadali dothi, litauma. Lorna anatsegula kathumba ka nambala teni, Royce n'kugogoda chitsulocho mpaka dothilo linagweramo.

Anapita wapansi, Royce patsogolo. Mphepo inali itachepa koma kunkazizirabe. Kamundako kanali mbuu, ziputu za chimanga chatha zili zoonda kusiyana ndi za munda woyandikana nawo. Galimoto ina inadutsa pamsewu, inachepetsa liwiro, woyendetsa n'kukweza chala chimodzi pachiwongolero kuwapatsa moni.

Zikhomo zinali m'mizere iwiri, zopakidwa penti yoyera. Lorna anayamba ndi choyamba, akufuna aone pamene bambo ake anatapa, koma sanapeze bowo. Panali chidindo cha chidendene cha jombo, chozama, chopotolera pang'ono kumanja. Pa chikhomo chachiwiri chimodzimodzi, pa chachitatu chimodzimodzi, mpaka chachisanu ndi chinayi. Bambo ake ankatseka bowo lililonse akatapa. Bowo la chitsulocho limakhala laling'ono ngati chala chachikulu, loti mvula imodzi yokha imalitseka. Malangizo a yunivesite Lorna ankawadziwa pamtima, anawataipa kangapo konse, ndipo munalibe mawu oti munthu azitseka mabowo.

Pa chikhomo chakhumi, pamene bambo awo anagwera, ziputu zinali zothyokathyoka, ndipo panali mikwingwirima ya matayala a ambulansi. Onse awiri analambalala osayang'anapo. Royce anakhoma chitsulo pa chikhomo chakhumi ndi chimodzi, anachitsamira ndi thupi lonse, n'kuchizula. Lorna analandira dothi m'kathumba. Anachitanso chimodzimodzi pa chomaliza.

"Akaliyeza limeneli?" anafunsa Royce.

"Ndikapita nalo ndekha ku labotale. Ndikaima pomwepo mpaka aliyeze."

"Nanga akakana?"

"Ndakhala pakhomo paja zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi osapemphapo kanthu."

Royce anapukuta chitsulo pa buluku lake. Lorna anamanga kathumba komaliza n'kukaika m'ndowa, kenako anafunsa, ngakhale yankho ankalidziwa.

"Lolemba?"

"Lolemba athira," anatero Royce. Mawu ake anali opanda ukali, analinso opanda chimwemwe. "Sindinakukhululukire, usaganize choncho."

"Ndikudziwa, achimwene."

Lorna ananyamula ndowa n'kuyamba ulendo wobwerera. Atayenda pang'ono anazindikira kuti kumbuyo kwake kulibe mapazi. Anacheuka. Royce anali ataima pa chikhomo chakhumi, wawerama, akukankha ziputu zothyoka ndi dzanja mpaka anapeza chimene ankafuna. Bowo linali pomwepo, lakuda, lotseguka. Anaimirira, anaikapo chidendene cha jombo yake, n'kupotolera pang'ono kumanja.