Dzina la Achimwene

Joan ankadziwa bwino kuti mutu wa bambo ake umagwira ntchito m'mawa mokha. Pokhala namwino, matenda oiwalaiwala anali atawaona mwa okalamba ambiri asanalowe m'nyumba mwake momwe ku South Bend, m'dera la Indiana ku Amereka. Kukacha, a Lucious Matewere ankakhala munthu wathunthu: ankafunsa za mvula yakumudzi, n'kumanyoza tiyi wa m'timapepala. Koma dzuwa likangopendeka, ankayamba kufunafuna chitseko cha nyumba imene inagwa kalekale ku Thyolo.

Chaka chimenecho Amalawi a ku Indiana anawaitana kuti akakhale mlendo wolemekezeka pachikondwerero cha ufulu ku Indianapolis. Pagulu lonselo, iwo okha ndiwo anaona ndi maso misonkhano yomenyera ufuluwo. Mkulu uja anakondwa mpaka anasita yekha suti, ntchito imene Joan anali atawaletsa.

Nkhani imene ankafuna kukanena Joan ankaidziwa pamtima. Inali ya mkulu wawo, telala wa pakhonde la sitolo, amene ankamenya chitsulo kuitanira anthu kubwalo la mpira. Kumeneko anthu ankatsutsana mpaka mawu kusasa. Mphunzitsi wina ankati dziko likadali khanda, azungu asachoke msanga. Telala uja anakwera pamgolo n'kuyankha kuti mwana saphunzira kuyenda ali kumsana, ndipo bwalo lonse linaphulika. Pamsonkhano wotsatira galimoto la asilikali linafika n'kumutsitsa pamgolo pomwepo. Sanabwerenso. Sanasiye mwana, chithunzi, ngakhale manda.

Koma m'nkhani yonseyo a Matewere ankangoti “achimwene”. Mng'ono woleredwa bwino saitana mkulu wake ndi dzina ngati akuitana galu. Joan anakula akudziwa za “bambo aakulu amene sanabwere”, basi, ndipo abale amene akanamuuza zambiri onse anali atatsikira kulichete. Sabata imeneyo m'pamene zinamulasa mtima kuti dzinalo latsala m'mutu umodzi wokha, mutu wodontha wa bambo akewo.

“Adadi, kodi bambo aakulu dzina lawo anali ndani?” anafunsa akuwathirira tiyi.

“Ndikatchula kumsonkhano,” anayankha. “Anatengedwa pagulu, dzina lawo likamvekenso pagulu, anthu ataimirira. Osati kukhitchini kuno ngati miseche.”

Joan anaseka n'kuwasiya. Komabe anaimbira foni Mervin, wapampando wa komiti yokonza chikondwererocho, munthu wabwino mtima amene ankakonda maikolofoni kuposa chakudya.

“A Tcheya, chonde adadi akalankhule koyambirira. Madzulo amakonfyuzika.”

“Aa, sisi, mukufuna anthu atiseke? Mlendo wolemekezeka amalankhula pomaliza. Tiwaike koyamba ngati mwana wa Sande sukulu? Osadandaula, tikayamba on time.”

Mmalawi akakuuzani kuti tikayamba pa nthawi yake, tengani kamba.

Ulendo wa ku Indianapolis unali wokoma. A Matewere ankayang'ana minda ya chimanga yopanda malire m'mbali mwa msewu, n'kumapukusa mutu kuti chonsechi amalima ndani, poti munthu wa khasu sakuoneka. Kenako ankabwereza mawu awo chapansipansi, chala chili m'mwamba. Joan anali asanawaonepo ali owala chotero chimwalirire mayi ake.

Holo inali kufupi ndi Lafayette Road, kuseri kwa masitolo. Anapeza mipando yokhayokha ndi amayi awiri akupachika mbendera. Anthu anayamba kufika masana, wina ndi poto, wina ndi ana oyankha m'Chingerezi. A Matewere anawakhazika kutebulo lapamwamba, anawaveka duwa pachifuwa, ndipo aliyense wofika ankagwada powapatsa moni. Ulemu unalipo wosefukira. Ulemuwo ndiwo unawabera tsiku lawo.

Pemphero linatalika. Kenako anabwera woimira ophunzira, woimira amayi, woimira a ku South Bend, aliyense kuyamba ndi kulonjera akuluakulu mmodzimmodzi, n'kulonjeza kuti sachulutsa gaga m'diwa, n'kuchulutsa gagayo. Mkati mwa zimenezi dokotala wina dzina lake Eugene anafunsa kuti ufulu umenewu ndi wotani, poti eni dziko tonse tili kuno kusamala agogo a eni ake. Holo inagawikana. Ena ankati wanena zoona, ena ankati ngati dziko lamukwana akabweze pasipoti. A Matewere maso anawala, anadzutsa dzanja kuti ayankhe, koma Mervin anawanong'oneza mwaulemu kuti nthawi yawo ikubwera, asadzitsitse.

Joan sankamva n'komwe mtsutsowo. Ankayang'ana dzuwa pawindo. Kenako anaona manja a bambo ake akupinda ndi kupindula nsonga ya nsalu ya patebulo. Chizindikiro chimenecho ankachidziwa.

“A Tcheya, apatseni panopa. Ndagwira mwendo wanu.”

“Atsala awiri okha, sisi. Tikawadumpha akhumudwa.”

Pamene Mervin anaitana a Matewere ndi mayina onse aulemu, anthu anaimiriradi, monga mkulu uja ankafunira. Anayenda bwinobwino, anagwira maikolofoni, n'kuyang'ana khamulo ngati akuona bwalo lina.

“Kwacha!” anafuula, ndi mawu amene Joan sankadziwa kuti akadali nawo.

“Kwachaa!” holo inayankha, nthungululu zili pakamwa.

“Achimwene anga,” anayamba. “Achimwene anga aja, a… a…”

Anayang'ana kudenga, anayang'ana duwa la pachifuwa, kenako anayamba kufunafuna nkhope ya mwana wawo. Joan anali ataima kumbuyo kwa holo. Akanakhala nalo dzinalo akanalifuula ali kumbuyo komweko, koma analibe choti awapatse.

Anthu athu sapirira kuona wamkulu akuchita manyazi. Mayi wina anayambitsa kuomba m'manja, ena anatsatira, woimba nyimbo anakweza zoimbira zake, ndipo Mervin anatenga maikolofoni mokoma mtima. “Mawu ochepa koma olemera!” anatero. Chakudya chinatsegulidwa, ndipo anthu anadya mosangalala.

Pobwerera, atadutsa tauni ya Kokomo, a Matewere anatembenukira kwa Joan.

“Ndawatchula?” anafunsa mwadzidzidzi.

Joan anagwira chiwongolero mwamphamvu. “Mwawatchula, adadi.”

“Anthu anaimirira?”

“Onse.”

Anapumira m'mwamba ngati munthu amene watula mtolo, n'kugona. Joan analira mwakachetechete njira yonse, akudzitonthoza kuti m'mawa kukacha adzawafunsanso, ndipo ulendo uno sadzalola zoti kukhitchini n'kwa miseche.

Kutacha anawapeza atavala kale suti ija, duwa lofota lili pachifuwa, atakhala moyang'ana kukhomo. Anawapatsa tiyi n'kugwada pambali pawo.

“Adadi, ndiuzeni dzina la achimwene anu.”

Anamuyang'ana mokoma, monga momwe munthu amayang'anira mlendo.

“Mukawafunse okha, mayi,” anatero. “Angopita kumsonkhano. Abwera posachedwa.”