Khungwa Lotsala

Chaka chimenecho mbawa inabereka modabwitsa. Unali mtengo waukulu wokhawo umene unapulumuka kwa ootcha makala, ndipo mbande zonse zimene anthu ankabzala pobwezeretsa nkhalango zinkachokera ku njere zake. Mayi wosamalira nazale ankapita kukatola m'mawa, ndipo lichero linkadzaza dzuwa lisanatenthe.

"Nkhalamba yathu yachita misala," anaseka mlamu wake, uku akuthira dothi m'machubu. "Chaka chino tibzala mpaka padenga."

Mayiyo anaseka nawo, koma mtima sunakhale pansi. Mitengo ina inali yobiriwira, pamene nthambi za pamwamba pa mbawa zinkayoyola masamba.

Kunyumba apongozi ake aamuna ankatsokomola kuyambira nthawi yokolola. Masana ena anapeza mwamuna wake akuwiritsa madzi ofiira m'kampoto kakale.

"Mankhwala mwawatenga kuti, bambo?"

"Kwa mnzanga wina," anayankha, maso ali pamoto.

M'mawa mwake mayiyo sanatole njere. Anazungulira kuseri kwa mtengo, kumene kunali mwala ndi minga ndipo anthu sankadutsako. Khungwa linali litasendedwa kuyambira m'mawondo mpaka m'chifuwa. Mabala ena anali ouma, ena akukhabe utomoni. Anawalondola ndi chala mozungulira thunthu, nalowa m'ziyangoyango zimene zinkabisa mbali yakutsogolo. Nakonso kunali kosendedwa. Panangotsala kamzere kamodzi, kukula ngati chikhatho chake. Mtengo ukasendedwa kuzungulira umafa chiimire, ndipo ukamva imfa umakhuthula njere zonse.

Kumbuyo kunathyoka kamtengo. Anali mwamuna wake, chikwanje m'manja, thumba paphewa.

"Mwalawira, mayi."

"Inunso mwalawira. Mnzanu uja ndi ameneyu?" anafunsa mayiyo, akuloza mtengowo.

Mwamunayo sanaseke. "Chiyambire kumwa, bambo anga akugona tulo. Wawamva wekha. Ndingochotsa kachidutswa."

"Kachidutswa kake ndi aka kokha. Mukachotsa, mtengo wapita. Nanga mwezi wamawa mudzasenda chiyani?"

"Mwezi wamawa ndi wa amoyo."

"Tiyeni tiwatengere kuchipatala."

"Anakana. Ukuwadziwa."

Mayiyo anaika lichero pansi, natsamira thunthu, msana wake utaphimba khungwa lotsalalo. Utomoni unamata pabulauzi. Mwamunayo anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anakhala pamwala n'kugoneka chikwanje pamawondo. Sanatembenukire njira ya kwawo.

Dzuwa linakwera. Ku nazale mbande zinkadikira madzi, ndipo mawu a mlamu ankamveka chapatali akumuitana kuti abweretse kiyi wa mosungira ndowa. Mayiyo sanasunthe.

Mphepo inadutsa pamwamba. Njere zinatsika zikuzungulira ndi timapiko tawo, zina m'tsitsi la mayiyo, zina pachikwanje. Mwamunayo anazisasa ndi chala.

"Sungaime pamenepo mpaka kalekale," anatero mofatsa.

Mayiyo anakanikiza msana pamtengo. Miyendo inali itayamba kale kuchita dzanzi.